Bulugama wa Amon Nyirongo

M'nyumba ya asekulu anga, kapena kuti agogo aamuna, a Amon Nyirongo a ku Chikomeni, munali pepala la boma limodzi lokha lokhala ndi dzina lawo lenileni. Inali satifiketi ya chaka cha 1993, yowayamikira kuti ndi mlimi wokonda chilengedwe kuposa onse a m'dera lathu. Agogo aakazi, a Nyamtonga, anaikoleka pakhoma pafupi ndi kalendala ya tchalitchi, ndipo alendo akabwera ankaiwerenga mokweza, nagwedeza mitu. Apamudzi sankaiyang'ana. Onse ankadziwa kuti asekulu sanakondepo mtengo ndi umodzi womwe. Mitengo ya bulugama yoposa mazana anayi imene boma linawayamikira nayo anaidzala kuti iphe dimba la mkulu wawo, a Bwezani, ndipo ntchitoyo inawatengera zaka makumi anayi ndi zisanu.

Nkhaniyo inayamba m'chaka cha 1941, pamene kapaso, mthenga wa mfumu, anafika pamudzi ndi mndandanda wa anyamata ofunika kunkhondo ya azungu. Panyumba ya Nyirongo panalembedwa dzina la Bwezani. A Bwezani anali atangokwatira kumene, komanso anali ndi chifuwa china chanzeru chimene chinkabwera pokhapokha chikafunika. Bambo awo anaitana ana awiriwo pamaso pa akuluakulu atatu, nanena kuti: "Amene apite kunkhondo kukaimira nyumba ino, dimba la pakasupe ndi lake." Dimbalo linali lodziwika. Madzi ake ankatuluka m'tsinde mwa kaphiri ka miyala, osaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo munkakhala nzimbe, nthochi, mpiru ndi mpunga pamene minda ya ena inali fumbi lokhalokha. Amon, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anaimirira.

Ku Fort Jameson kalaliki anaitana kuti, "Bwezani Nyirongo," Amon n'kuvomera. Kalalikiyo sanafunse zambiri. Mndandanda unkafuna Nyirongo mmodzi wa miyendo iwiri, ndipo amene anaima pamaso pake anali nayo yonse.

Za nkhondo asekulu sankakamba kawirikawiri. Tinkadziwa kuti anafika ku Abisiniya, kenako anawoloka nyanja kupita ku Bama, kumene kachitsulo ka bomba kanalowa m'ntchafu yawo ya kumanzere n'kukhazikika momwemo. Mukawafunsa za mfuti ankakuyankhani za nsabwe. Koma panali miyezi itatu imene ankaikamba mwatsatanetsatane, ya pamsasa wina ku Kenya, kumene asilikali ankafa ndi malungo asanaone mdani. Sajeni wawo anawakumbitsa maenje kuzungulira dambo, akudzalamo mbande za bulugama. Atafunsa kuti mtengo umapha bwanji udzudzu, sajeniyo anawatengera pabwalo louma gwa pamene pankaima malole, nawauza kuti zaka makumi awiri m'mbuyomo pamenepo pankatitimira ng'ombe. Bulugama, anatero sajeni, amamwa osalekeza, ndipo sapuma pa Sabata. Asekulu anasunga mawuwo monga munthu asungira msomali wopindika, osadziwa kuti udzagwira ntchito yanji.

Anabwerera kumudzi mu 1946. Bambo awo anali atamwalira, ndipo a Bwezani, chifuwa chitapoleratu, anali atazinga dimba lija ndi mpanda watsopano. Nkhani inapita kukhoti la mfumu. Akuluakulu atatu aja anabwera onse, nanena mawu amodzimodzi: dimba ndi la amene anapita kunkhondo. Kalaliki wa khoti, munthu wophunzira ku mishoni, analemba mawuwo bwinobwino, kenako anapempha buku la usilikali. Analitsegula, naliwerenga mokweza.

"Apa alemba Bwezani Nyirongo."

Asekulu anakwinya kabudula, naonetsa khoti chipsera cha pantchafu.

"Chipsera chilibe dzina," anatero kalaliki. "Ndipo ngati mukunena kuti munanamiza Mfumu ya ku Mangalande zaka zisanu zathunthu, mlanduwo si wa khoti lino, ngwa ku Boma. Ndilembe zimenezo?"

Sanalembe. Aliyense m'bwalomo ankadziwa amene anapita ndi amene anatsala, koma buku linali ndi chidindo, pamene akuluakulu aja anali ndi imvi zokha. Dimba linapita kwa msilikali Bwezani Nyirongo. Pofuna kupukuta misozi ya woluza, khoti linapatsa Amon kaphiri ka miyala kaja, kuyambira pamwamba mpaka pampanda wa dimba. A Bwezani sanatsutse. Anati mng'ono wawo atenge ndithu, miyala nayonso ndi chuma.

Mvula ya 1947 itayamba, asekulu anapalasa njinga kupita ku nazale ya pa Boma ku Lundazi, nabwera ndi mbande khumi ndi ziwiri m'dengu. Anazidzala mzere umodzi pamwamba pa kaphiri, akuyeza ndi chingwe. Mtengo wa kumanja kwenikweni anautcha Sajeni. A Bwezani anakwera kudzaona, akutafuna nzimbe.

"Amon, zimenezi zimabereka chiyani?"

"Sizibereka, akulu."

"Nanga udzadya masamba?"

"Ndidzakhala pamthunzi."

A Bwezani anaseka, nawasiyira mfundo ziwiri za nzimbe. Asekulu anazidya, chifukwa kwa iwo nzimbezo zinali zawo kale.

Chaka chilichonse, mvula ikagwa kachiwiri, ankaonjezera mzere wina kunsi kwa wa chaka chatha, kutsikira kumpanda. Chiswe chikadya mbande, ankadzala ina pamalo pomwepo, pakuti mzere wa asilikali sukhala ndi mpata. Madzi othirira ankatunga pakasupe pomwe paja, atapempha kwa a Bwezani, amene ankalola mokoma mtima.

Musaganize kuti anali munthu wongokhalira mitengo. Anakwatira Eneless Nyamtonga, nabereka ana asanu ndi awiri, woyamba ali bambo anga, a Ronnie. Anatsegula munda kuseri kwa kaphiri, kumene ankalima chimanga, mtedza ndi fodya, mizere yake yowongoka moti alangizi a zaulimi ankabwera ndi anthu kudzaiona. Anali woyamba pamudzi kuika ng'ombe pagoli. Kutchalitchi ankaimba besi, pabenchi imodzi ndi a Bwezani. Ndipo m'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankatsikira pampanda wa dimba navula chipewa.

"Mwawuka uli, akulu? Madzi ali bwanji lero?"

"Madzi ali bwino."

"Yewo."

Kwa zaka makumi awiri yankho silinasinthe. Kenako mpunga unakana. A Bwezani anati mbewu yakalamba. Nthochi zinayamba kubereka timikoko tonga nkhonya ya khanda, iwo anati ndi matenda ochokera ku Malawi. M'zaka za m'ma 1980 anakumba chitsime pakati pa dimba limene kale munthu ankatitimiramo mpaka m'mawondo, ndipo chaka ndi chaka ankalumikiza chingwe cha ndowa. Apa n'kuti atazindikira, koma mitengo inali itakula kale kuposa nkhwangwa ya munthu mmodzi, ndiponso inali pamalo amene iwo eni anavomera m'khoti kuti ndi a mng'ono wawo. Funso la m'mawa linkabwerabe. Yankho ndi limene linkafupika, mpaka linasanduka kutsokomola.

A Nyamtonga anayesapo kamodzi kokha, akusenda mtedza pakhonde.

"A Nyirongo, ana a akulu anu amadya pamenepo. Faides uja ndinamubereka kumsana ndine."

"Adye kumunda, monga anadyera anga."

"Nanga Mulungu wanu wa besi uja mumamuuza chiyani?"

"Iye analipo pamene atate ankalankhula. Sindimufotokozera kanthu."

Chilala cha 1992 chinatsiriza ntchito. Chaka chimenecho tonse tinadya chimanga chachikasu cha chithandizo, koma kale pa zilala zotero dimba la pakasupe linkadyetsa midzi itatu. Ulendo uno ndowa inatsika n'kubwera ndi mchenga. Nzimbe zinauma chiimirire. Asekulu anatsikira pampanda, navula chipewa, nayang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanafunse kanthu.

A Bwezani, amene mapepala anawachitirapo zabwino kale, anaganiza zowadaliranso. Analembetsa kalata yodandaula kwa aphunzitsi a pasukulu, napita nayo okha ku Lundazi. Kalatayo inayenda miyezi isanu ndi iwiri osatuluka m'mpanda wa Boma. A zamadzi anati ndi ya a zaulimi. A zaulimi anaonamo mawu oti mitengo, naitumiza kwa a zankhalango. Kumeneko inagwera m'manja mwa a Jones, amene azungu a bungwe lina lothandiza anali atangowapatsa njinga yamoto pamodzi ndi lamulo loti apeze mlimi wachitsanzo chaka chisanathe. Anali atayenda miyezi yambiri akuona zitsa zokhazokha, pakuti makala ndi zigafa za fodya zinali zitadya tchire lonse mpaka kumalire a nkhalango ya nyama ya Lukusuzi.

A Jones atafika pamudzi, a Bwezani anawalandira, nawalowetsa m'dimba louma lija.

"Onani, bwana. Apa madzi ankafika umu," anatero akuloza bondo.

A Jones sankayang'ana bondo. Anali atakweza maso kukaphiri, kukamwa kuli yasa.

"Adada, mitengo iyo ndi ya ndani?"

"Imeneyo ndiyo ndinakulemberani kalata. Ndi ya mng'ono wanga. Ndikufuna idulidwe."

"Idulidwe?" A Jones anavula chisoti cha njinga. "Ilipo ingati?"

Asekulu, amene anali atatsamira mpanda kunja kwake, anayankha kuti ilipo mazana anayi ndi khumi ndi umodzi.

"Munadzala nokha, adada? Popanda pulojekiti?"

"Ndinali ndi chifukwa changa."

A Jones anatulutsa kabuku nayamba kulemba mofulumira, ndipo za madzi sanafunsenso.

Mwambo unachitika mu Disembala 1993, pa tsiku lodzala mitengo. Kunabwera galimoto zinayi, mzungu wamkazi wa chipewa chachikulu, kwaya ya amayi, ndi mabenchi onse a kusukulu. Pansi pa Sajeni anazika chikwangwani chachitsulo cholembedwa m'Chingerezi kuti iyi ndi nkhalango yachitsanzo. A Bwezani anakhazikidwa kutsogolo, ndipo a Jones m'mawu awo anawathokoza mwapadera chifukwa chodziwitsa boma za chuma chobisikachi. Anawapempha kuti aimirire anthu awaombere m'manja. Anaimirira.

Kenako anapempha mwini nkhalango kuti auze achinyamata chimene chinamulimbikitsa. Asekulu anaima chilili ngati pa perete, manja m'mbali.

"Ine ndinapita kunkhondo m'dzina la akulu anga awa. Pobwera ndinapeza atatenga dimba langa. Ndiye ndinadzala bulugama kuti liume. Lauma. Yewo."

Anakhala pansi. Apamudzi anayang'ana zala za kumapazi. A Jones, amene ankamasulira, anakhosomola pang'ono, nauza mzungu uja kuti mkuluyu wanena kuti anaphunzira kufunika kwa mitengo ali kunkhondo, ndipo anaidzala poganizira banja lake ndi kayendedwe ka madzi. Ine ndinalipo, ndipo Chingerezi ndimachimva. Sindinganene kuti a Jones ananama mawu ndi amodzi omwe. Mzunguyo anagwira pachifuwa. Asekulu anadinda chala papepala la masamba atatu limene panalibe analiwerenga, nalandira satifiketi ndi wilibala.

Boma silikondera. Mu 1995, pokumbukira kuti patha zaka makumi asanu nkhondo itatha, linaitana asilikali akale onse ku Lundazi, ndipo kalata ya kwathu inali ya Bwezani Nyirongo. A Bwezani anachita kubwereka jekete, nakwera lole, nakaima pamzere ndi nkhalamba zina. Bwana wina atawafunsa kuti ku Bama kunali bwanji, anayankha kuti kunali kutali. Anabwerako ndi bulangete lotuwa, limene ankaliyanika pampanda wa dimba tsiku lililonse, ngakhale losachapa. Asekulu chaka chimenecho anadzala mizere ya mtedza yokhota, chinthu chimene sichinaonekepo.

Koma bulangete silithirira mpiru. Mu Juni 1996 a Bwezani anatenga ndodo, nakwera kaphiri kudutsa pakati pa mizere, koyamba kuchokera tsiku la nzimbe lija. Anapuma kanayi. Anapeza asekulu atakhala pamuzu wa Sajeni akusema mpini, a Nyamtonga akutola nkhuni chapafupi.

"Amon, tenga dimba lako."

"Liti?"

"Usandivute iwe. La atate. Ndatopa, ndipo chifuwa ichi tsopano ndi chenicheni."

"Limene ndinasiya linali ndi madzi, akulu. Mundibwezere limenelo."

"Madzi ako ali m'mitengo yakoyi. Dula, atsika okha."

Asekulu anapitiriza kusema. "Mukanene kukhoti kuti amene anapita kunkhondo ndine. Alembe."

"Ndikanena zimenezo andilanda bulangete."

"Ndiye?"

"Dimba tenga. Bulangete ndi langa."

Anatsika, akupumanso kanayi. Palibe chinalembedwa, ndipo mboni inali a Nyamtonga okha ndi mtolo wawo wa nkhuni.

M'mawa mwake asekulu analowa m'dimba kudzera pachipata, patatha zaka makumi asanu ndi zisanu. Anagwada movutikira chifukwa cha kachitsulo kaja, natapa dothi, n'kuyoyoka m'manja ngati phulusa. Anayendera malire onse anayi. Atabwerera kunyumba ananena kuti adula mizere isanu ya kunsi mvula isanagwe, ndipo m'zaka zitatu adzadya nzimbe zodzala okha.

Apa m'pamene aphunzitsi a pasukulu, amene tsopano anali mlembi wa komiti ya nkhalango yachitsanzo, anawawerengera pepala la masamba atatu lija. Mitengo inali yawo ndithu, pepalalo linatero, koma kudula ngakhale umodzi kunkafuna kalata ya ku Boma. Asekulu, amene anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, anapita ku Lundazi katatu. Ulendo woyamba anapeza a Jones ali ku msonkhano ku Chipata. Wachiwiri a Jones analipo, koma kiyi wa kabati ndi amene anali ku Chipata. Wachitatu anamva kuti pulojekiti yatha, azungu abwerera kwawo, a Jones awasamutsa. Lamulo lokha ndi limene linatsala, chifukwa onse amene akanatha kulichotsa anali atapita.

Muofesimo munali mayi Agness, kalaliki wachifundo amene sankakonda kubweza nkhalamba chimanjamanja. Anafufuza m'kabati, napeza fomu.

"Adada, fomu ilipo, koma imalola zifukwa zitatu zokha: mlatho, denga la sukulu, kapena maliro. Mtengo umodzi pa chifukwa chimodzi."

"Za madzi mulibe?"

"Za madzi ndi ofesi ina."

Asekulu anaika chipewa pabondo. Kwathu kunalibe mtsinje wofuna mlatho, ndipo sukulu inali ndi malata atsopano.

"Lembani maliro."

"Pepani kwambiri, adada. Womwalira ndani?"

"Bwezani Nyirongo."

Mayi Agness analemba. "Atisiya liti?"

"Sanatisiye. Koma bulugama ukamukhoma ali wamuwisi amang'aluka. Matabwa amafuna aume."

Mayi Agness anaiyang'ana fomuyo kutsogolo, naitembenuza kumbuyo. Panalibe mzere wonena kuti womwalirayo akhale atamwalira kale pa tsiku lopempha. Anati malo a deti akhoza kudikira, nadinda chidindo.

Tonse tinkaganiza kuti adula mtengo wa pafupi ndi kasupe, kuti madzi apumeko. Iwo anasankha Sajeni, pamwamba penipeni, amene anthu awiri sakanatha kumuzungulira ndi mikono. A Nyamtonga atafunsa, anayankha kuti mitengo ya kunsi ndi yowonda, ndipo akulu awo ndi munthu wa mapewa aakulu. Anaitana amuna awiri ocheka matabwa a ku Kapichila. Anakumba dzenje, nagoneka chipika pamwamba pake, mmodzi m'mwamba wina m'munsi, ndipo kwa masabata atatu macheka analira kuyambira dzuwa litatuluka mpaka litapendeka. Mphepo ya kwathu imatsika kaphiri. Nyumba ya a Bwezani inali m'munsi, ndipo iwo anali chigonere pamphasa, atafunda bulangete.

"Faides, akucheka chiyani kumtundako?"

"Za mabenchi a kusukulu, adada."

"Amayi ako ankadziwa kunama. Iwe sunatengere."

M'mawa uliwonse asekulu ankaima pakhomo, utuchi uli m'mapewa, navula chipewa.

"Mwawuka uli, akulu? Chifuwa chili bwanji lero?"

Ana a a Bwezani anapita kwa abusa. Abusa anabwera, nakhala ndi asekulu ola lathunthu, nawawerengera za kukhululuka. Asekulu anamvetsera mwaulemu, kenako anawafunsa ngati ndi tchimo kukonzera mbale wako bokosi labwino. Anawakumbutsanso kuti maliro atatu apitawo anaikidwa m'zitseko zogumula. Abusa anachoka atapempha matabwa otsala kuti akakonzere guwa.

Mankhwala a kuchipatala anali atalephera kuwadzutsa a Bwezani, koma macheka anawadzutsa. Sabata lachinayi anaitanitsa phala, namaliza mbale. Patapita mwezi anayamba kuyenda, ndipo ulendo wawo woyamba unali wa kuchigafa cha fodya cha asekulu, kumene matabwa anasanjidwa kuti aume. Anawagogoda limodzilimodzi ndi ndodo.

"Ili lapindika. Ine sindigonamo."

"Ndisintha, akulu."

"Ndipo upale bwino. Sindifuna zobaya kumsana."

Asekulu anasintha thabwalo, napala onse mpaka anasalala ngati mbale. A Bwezani anakhala ndi moyo miyezi ina khumi ndi inayi, ndipo anthu amene ankawadziwa amati panalibe china chinawasunga koma kufuna kuti chiswe chiyambe chalawa matabwawo. Asekulu ankawapaka mafuta akuda a galimoto mwezi ndi mwezi. Chiswe sichinalawe.

A Bwezani anamwalira mu Febuluwale 1998. Bokosi linakhomedwa tsiku lomwelo, ndipo aliyense anavomera kuti lokongola chotero silinaonekepo ku Chikomeni. Vuto lake linali kulemera. Amuna asanu ndi atatu analinyamula kuchoka pakhomo, nalitula asanafike pamsewu. Linapita kumanda pangolo, likukokedwa ndi ng'ombe za asekulu, iwo eni atagwira chingwe kutsogolo. Kumanda mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya womwalira kuchokera m'mapepala amene banja linamupatsa: kuti anabadwa chaka chakuti, anakwatira chaka chakuti, anamenya nkhondo ku Abisiniya ndi ku Bama, kumene anavulala pantchafu. Amuna amene anasambitsa thupi anayang'ana kumbali. Asekulu anaimba besi mpaka nyimbo yomaliza. Sabata lotsatira anapita ku Lundazi ndi fomu ija kuti mayi Agness akalembe deti, pakuti sankakonda kusiya ntchito ya boma ili pakati.

Bulugama ali ndi khalidwe limene sajeni wa ku Kenya sanalitchule: ukamudula, chitsa chimaphuka. Kuyambira pamene Sajeni anagwa, asekulu ankakwera kaphiri Loweruka lililonse kukathyola mphukira zonse, kuti chitsacho chife. Ankanenanso kuti akalemba kalata yopita ku Chipata yopempha kudula mizere ya kunsi, ndipo anali atasunga kale mfundo za nzimbe m'mphika wa mchenga wonyowa kuseri kwa nyumba.

Tsiku logawa zovala za womwalira, mwana wamkulu wa a Bwezani, Obby, amene ankagwira ntchito ku Kitwe, anakhala pafupi ndi asekulu, nawapatsa fodya wa m'paketi.

"Adada aang'ono, ndingofunsako. Mitengo ija itadulidwa, madzi angabwerere?"

"Angabwerere."

"Patapita zaka zingati?"

"Zitatu. Mwina zinayi."

Obby anagwedeza mutu, natulutsa m'thumba la jekete pepala lachikasu lopindidwa kanayi, limene analipeza m'sutikesi ya bambo ake. Linali chigamulo cha 1946, chidindo chake chikuonekabe. Sanaliwerenge. Anangoliongola pabondo, nalipindanso, nalibwezera m'thumba.

"Ndimangofunsa," anatero.

"Wafunsa bwino, mwana wanga."

Loweruka lotsatira asekulu anatenga mpeni nakwera kaphiri. A Nyamtonga anawatsatira chapatali. Pachitsa cha Sajeni panali mphukira zisanu ndi ziwiri. Asekulu anadula zinayi zofooka, nasiya zitatu zowongoka, nazimangirira kutimitengo ndi luzi kuti mphepo isazithyole. Pobwerera anadzera kuseri kwa nyumba, nakhuthulira mbuzi mfundo za nzimbe zija.

"A Nyirongo, mwini mlandu mwamuika nokha m'manda. Tsopano mukulimbana ndi ndani?"

"Waona thumba la jekete la Obby?"

"Ndiye inu simudzadya nzimbe za m'dimba lanu."

"Sindidzadya. Nayenso sadzadya."

Asekulu anamwalira mu Ogasiti 1999, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza utasendedwa. Bambo anga anapita ku Lundazi kukatenga fomu, ndipo mayi Agness anayamikira kuti ulendo uno deti labwera pamodzi ndi dzina. Tinadula mtengo woyandikana ndi chitsa cha Sajeni, monga iwo anatiuzira. Mkulu wa mpingo anakana kutchula za usilikali mu mbiri yawo, chifukwa panalibe pepala, ndipo msilikali wa panyumba ya Nyirongo anali atamuika kale chaka chatha. Anawerenga za satifiketi.

Obby anabwera pa Khirisimasi ya chaka chomwecho, pepala lake lili m'thumba. Analowa m'dimba, namasula chingwe, naponya ndowa m'chitsime. Tonse amene tinali pampanda tinaimva ikugunda pansi.